Tambala Asaleke Kulira Pakhomo la Wosauka

Inu amene mwazungulira wailesi madzulo ano, kaya muli m'chigwa cha Nkhamanga kapena cha Henga, kaya muli m'mapiri a Phoka kumene nkhungu imatsika dzuwa lisanalowe, kaya muli m'mbali mwa nyanja ku Chiweta, ku Chitimba ndi ku Mlowe,  sendezani mpando, ana aleke phokoso, pakuti nkhani imene ndabwera nayo lero, ngakhale mwini wake ndi kanthu kakang'ono kamene timakapirikitsa ndi tsache pakhonde, ikukhudza mbale ya munthu aliyense m'boma lino la Rumphi. Tikamba za nkhuku, ndi za malamulo amene amaletsa munthu kuweta nkhuku pakhomo pake, ena olembedwa papepala, ena ongosungidwa m'mitima.

Mawu anga aakulu ndiwanena poyamba pomwe, kuti amene tulo timupeze nkhani isanathe agone atamva: lamulo labwino limamangitsa khola, silithamangitsa nkhuku. Tiyamba ndi kuona chimene nkhuku ili kwa munthu wa kuno. Kenaka tiona oiletsa ndi zifukwa zawo. Ndipo pambuyo pake ndikutchulirani mdani amene amatha nkhuku zambiri koposa khonsolo ndi eni nyumba onse kuwaphatikiza pamodzi.

Pamene dziko lino lidasiya mapaundi ndi mashereni m'chaka cha 1971 ndi kuyamba ndalama yatsopano, akuluakulu adatcha ndalama yaikulu kwacha, ndipo yaing'ono adaitcha tambala, dzina la mbalame imene imadzutsa mudzi kukamacha. Kandalamako lero sikagula kanthu, koma tambala weniweni, wa nthenga ndi lipombo, mtengo wake sudagwe chigwere. Mlendo wolemekezeka akafika, timamugwirira nkhuku. Mlandu ukagamulidwa pabwalo la nyakwawa, wolakwa amapepesa ndi nkhuku. Mwana akadwala usiku, ndipo pakufunika njinga yamoto yomutengera kuchipatala, mayi sathamangira kubanki, kumene alibe buku, koma amagwira msoti m'khola napita nawo kwa mnansi amene ali ndi kangachepe. Ng'ombe ndi chuma cha mwamuna wolemera, chimene sachigulitsa popanda kukhalirana pansi ndi abale ake; nkhuku ndiyo chuma cha mayi, cha wamasiye ndi cha nkhalamba, chimene amachisandutsa mchere, sopo, makope a sukulu ndi chigayo tsiku lomwelo limene vuto lafika.

Tsono taganizani za malo athu ano. Ndalama ya fodya, imene mabanja ambiri a ku Bolero, ku Mhuju ndi ku Mwazisi amaidalira, imabwera kamodzi pachaka, mabelo akagulidwa kumsika wa ku Mzuzu, ndipo pofika Januwale ndi Febuluwale, chimanga cha m'munda chikadali chiwisi pamene cha m'nkhokwe chatha, ndalamayo imakhala itaiwalika kalekale. Abale athu oyandikana ndi nkhalango ya Vwaza, ku Hewe ndi ku Kazuni, akudziwa bwino za kashembe, ntchentche yoluma imene imadwalitsa ng'ombe ndi kubweretsa kaodzera kwa anthu, kotero kuti kuweta ng'ombe kumeneko ndi nkhondo ya tsiku ndi tsiku. Nyama yakuthengo, imene makolo ankaipeza ndi uta ndi ukonde, lero ili m'manja mwa lamulo, pakuti Nyika ndi Vwaza ndi malo otetezedwa, ndipo wopezeka ndi nyama ya mphoyo kapena ya njati amakalowa m'ndende. Usipa ulipo kunyanja, inde, koma pokwera nawo mapiri kuchokera ku Chiweta kufikira kumidzi ya kumtunda, mtengo wake umakwera nawonso. Ng'ombe ikavuta, kuthengo kukatsekeka, nsomba ikadula, chimatsala pakhomo la wosauka n'chiyani? Ndi thadzi lija limene likupalasa kuseri kwa nkhokwe, losapempha feteleza, losalira mbusa, longodya madeya, chiswe ndi nyenyeswa za nsima, koma nkumaikira mazira khumi kapena kuposerapo, kuwakhalira milungu itatu, ndi kutuluka ndi kagulu ka anapiye pambuyo pake.

Njala si mlendo m'dziko lino. Agogo athu amasimba za ya 1949. Ambiri a ife tidaona ndi maso ya 2002. Ndipo m'mwezi wa Malichi chaka cha 2024, ng'amba itawotcha mbewu m'minda, Pulezidenti Lazarus Chakwera adalengeza kuti maboma ambiri a dziko lino ali pangozi. Koma ilipo njala ina imene siilengezedwa pawailesi, njala ya mwana amene wakhuta nsima koma thupi lake silikula. A zaumoyo atayendera dziko lonse adapeza kuti mwa ana atatu alionse osakwana zaka zisanu, mmodzi ndi wopinimbira, ndiye kuti ndi wamfupi kosayenerana ndi zaka zake. Ndipo amayi amene mumapita kusikelo mudamva kambirimbiri za magulu asanu ndi limodzi a zakudya, amene limodzi mwa iwo ndi la zakudya zochokera ku nyama. M'gulu limenelo, chimene mayi wa kumudzi angachipeze popanda kutulutsa ndalama ndi dzira, lija abale athu kuno amati sumbi. Dzira limodzi lophwanyira m'phala la mwana limagwira ntchito imene mbale yachiwiri ya nsima singaigwire.

Tsopano tifike kwa oletsa. Ndiyamba ndi mlandu wanga womwe, pakuti munthu asanaloze chala mnzake ayenera kuona kumene zala zinazo zaloza.

Zaka zingapo zapitazo ndinkakhala m'nyumba ya lendi pamalo ena amalonda m'boma lino, mdadada wa zitseko zisanu zoyang'ana bwalo limodzi, mpopi umodzi ndi chimbudzi chimodzi. Pakhomo la kumapeto pankakhala mayi wina wamasiye amene ankalera adzukulu awiri, ndipo chuma chake chonse chinali matadzi atatu ndi tambala mmodzi wofiira, zimene usiku zinkagona m'dengu kukhitchini. Tambalayo ankalira nthawi ya mbandakucha pansi pa zenera langa. Matadzi ankasiya zitosi pakhonde pamene mayi wa kunyumba kwathu anali atangokolopa. Ndipo tsiku lina adapalasa bedi la mpiru la mnansi wina mpaka kulisandutsa bwalo. Tidadandaula kwa eni nyumba, ine ndili patsogolo. Eni nyumba adabwera madzulo, naima pabwalo nati, “Mayi, nkhuku zanuzi zichoke mwezi uno usanathe, apo ayi mukapeze nyumba kwina.” Mayi uja adagwada, manja ali pamodzi, nangoti, “Ndamva, bambo.” Loweruka lotsatira adazimanga miyendo ndi luzi napita nazo kumsika, kumene ogula, amene amanunkhiza msanga munthu wopanikizika, adamupatsa mtengo wa chipongwe. Ine ndidagona tulo tabwino masiku amenewo. Koma itafika miyezi ya njala, ndidayamba kuona adzukulu aja akudya phala loyera la madzi ndi mchere m'mawa, ndipo wamkuluyo adakhala pakhomo milungu iwiri chifukwa chosowa kope ndi cholembera, zinthu zimene kale mazira asanu ankagula. Pamenepo mpamene tambala wofiira uja, ngakhale adali atadyedwa kale kwina, adayamba kulira mumtima mwanga monga adalirira uja wa Petro. Panalibe mmodzi mwa ife, anthu asanu a mitu yathuyathu, amene adaganiza zotola nsungwi ndi kumumangira mayiyo kakhola kuseri kwa nyumba, ntchito ya tsiku limodzi.

Musandimve molakwa, abale anga. Odandaula aja sadali anthu oipa, ndipo madandaulo awo sadali abodza. Zitosi pamalo othithikana zimaitana ntchentche, ndipo mwana wokwawa amene amatola chilichonse ndi kuika mkamwa angathe kutsegula m'mimba. Utitiri wa m'khola losasamalidwa suona malire a mpanda. Ndipo dimba limene munthu walithirira mwezi wathunthu likhoza kutha m'mawa umodzi. N'chifukwa chake makhonsolo, amene lamulo la maboma aang'ono la 1998 lidawapatsa mphamvu yopanga malamulo a m'dera lawo, amaikapo mawu pa zaukhondo ndi pa ziweto za m'matauni. N'chifukwa chake eni nyumba amaika zoletsa zawo. Ndipo n'chifukwa chakenso midzi yambiri ili ndi pangano lakuti mbewu zikangodzalidwa, mbuzi zimangidwe ndipo ziweto zisayende mwachisawawa. Koma akulu adati khoswe akakhala pamkhate sapheka, kutanthauza kuti pofuna kukantha choipa uyenera kuyamba waona chimene chakhalapo, kuopa kuswa mtsuko umene banja lonse limamwera. Chitosi pakhonde ndiye khoswe; mkhate ndi dzira la mwana wamasiye.

Nkhani imeneyi si ya kuno kokha. Ku America, dziko la anthu olemera, matauni ambiri akhala akukangana pa funso lomweli. Ena amaletseratu, koma ambiri adagwirizana zakuti munthu asunge matadzi owerengeka m'khola laukhondo, tambala ayi, chifukwa cha kulira kwake. Ndipo pamene chimfine cha mbalame chidapha nkhuku zankhaninkhani m'mafamu aakulu kumeneko, monganso chidachitira ku South Africa m'chaka cha 2023, mazira adasowa m'masitolo ndipo mtengo wake udakwera, kotero kuti munthu wa matadzi anayi kuseri kwa nyumba, amene anansi ankamunyogodola, ndiye adasanduka wodala. Ngati olemera aphunzira kuti si nzeru kuika mazira a dziko lonse m'manja mwa mafamu ochepa, nanga ife, amene thireyi ya mazira imatifika itayenda ulendo wautali pagalimoto, tingataye bwanji thadzi la pakhomo?

Chotero ndikubwereza mawu aja: lamulo labwino limamangitsa khola, silithamangitsa nkhuku. Inu makhansala, inu mafumu, inu eni nyumba za lendi pa Rumphi boma, pa Bolero ndi pa Phwezi, pamene mukukhala pansi kupanga pangano, m'malo monena kuti pano nkhuku ayi, nenani kuti pano nkhuku zikhale zingapo zimene malo angathe, zigone m'khola, zitosi zisesedwe ndi kupita kudimba kumene zili manyowa amphamvu, ndipo nthawi yodzala zitsekeredwe kufikira mbewu zitakula. Pangano lotere limasiya khonde loyera, dimba lobiriwira ndi mwana wokhuta. Loletseratu lija limangokondweretsa ife okonda tulo.

(Kanyimbo pang'ono)

Mwabweranso, ndipo tsopano ndikwaniritse lonjezo langa la mdani wamkulu. Dzina lake mukulidziwa nonse: chitopa, chimene ena amati chideru, ndipo azungu amachitcha Newcastle potengera mzinda wa ku England kumene adachizindikira zaka pafupifupi zana zapitazo. Amene mudachiona simufuna kukuuzani. Chimakonda kufika chilimwe chikakhwima, mphepo yafumbi ikuwomba, mvula isanagwe. Nkhuku imene dzulo inkathamangitsa ziwala lero yaima pamalo amodzi, ikuodzera, mapiko ali lende ngati munthu wovala jekete la mkulu wake. Zitosi zake zasanduka zobiriwira, ikupuma movutika, ina khosi lapindikira kumbuyo ndipo ikuyenda chozungulira. Pakutha pa mlungu umodzi kapena iwiri, mudzi wonse uli zii, ndipo anthu akudzuka dzuwa litakwera chifukwa palibe tambala wowadzutsa.

Pa nthawi yotere pali lamulo limodzi loletsa limene ine ndiliikira kumbuyo ndi mtima wonse, ndilo la a zaziweto, amene malamulo a dziko lino amawapatsa mphamvu yoletsa kuyendetsa ziweto kuchokera kumene kwabuka matenda. Pakuti chitopa chilibe miyendo yakeyake; chimakwera njinga zathu. Munthu akaona nkhuku ziwiri zayamba kuodzera, amagwira zotsalazo usiku womwewo, nazimangirira pakeriyala, m'mawa ali nazo pamsika, kugulitsa motchipa. Wogula, pokondwa ndi mtengo, amapita nayo kwawo naiponya pakati pa zinzake, osadziwa kuti wagula maliro a khola lake. Wina amapatsa mlendo nkhuku yodwala ngati mphatso. Wina amataya yakufa kudzala, galu naikokera kumudzi wina. Nkhuyu zodya mwana zidapota akulu: kuchenjera kwa munthu mmodzi kumasandutsa dera lonse lopanda ndiwo. Nkhuku yakufa ndi matenda ikwiriridwe mozama kapena itenthedwe pamodzi ndi nthenga zake. Ndipo yachilendo iliyonse, kaya yogula kaya yopatsidwa ndi apongozi, ikhale payokha milungu iwiri isanasakanizidwe ndi zinzake.

Chitopa chilibe mankhwala ochiza. Ndikudziwa kuti ena amasinja tsabola, ena amathira madzi a khonje kapena a makungwa owawa m'chomwera, ndipo ikapulumuka imodzi amati mankhwala agwira. Koma chimene chimateteza ndithu ndi katemera. Alipo katemera wotchedwa I-2, amene akatswiri a ku Australia adamukonza poganizira midzi yopanda magetsi ngati yathuyi, ndipo masiku ano amapangidwa konkuno, ku labotale ya zaziweto ku Lilongwe. Ubwino wake ngwakuti safulumira kuwonongeka akachoka mufiriji, malinga wonyamulayo akulunge kabotoloko m'kansalu konyowa ndi kukasunga pamthunzi. Ndipo kaperekedwe kake n'kosavuta, dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, yaikulu ndi mwanapiye yemwe. Mvetsetsani apa, pakuti ambiri amaphonya pomwepa: katemerayu amaperekedwa kwa nkhuku zamoyo bwino, matenda asanafike, ndipo amabwerezedwa pakatha miyezi inayi iliyonse, ndiye kuti katatu pachaka. Woitana wakatemera nkhuku zitayamba kale kuodzera ali ngati munthu wofolera nyumba mvula ili mkati, ndipo zikafa asanamizire katemera. Mtengo wa dontholo ngwochepa poyerekeza ndi mtengo wa nkhuku, kotero kuti kugulitsa imodzi kumateteza khola lonse chaka chathunthu. Koma mutu umodzi susenza denga: kabotolo kamodzi kamakwanira nkhuku zambiri ndipo sikachedwa kutha mphamvu kakatsegulidwa, choncho nzeru ndi yakuti mudzi wonse upangane tsiku limodzi, nkhuku zisatsegulidwe m'mawa umenewo, ndipo alangizi a ziweto kapena wakatemera wa m'mudzi ayende khomo ndi khomo.

Za khola sindichulutsa mawu, popeza manja anu amadziwa kuposa pakamwa panga. Likhale lokwezeka pamitengo, kuti vumbwe ndi likongwe asalowe ndipo zitosi zigwere pansi posesa mosavuta. Likhale lofolera bwino. Phulusa lithiridwe pansi ndi m'zisa chifukwa cha utitiri. Anapiye, amene kabawi amawatola mmodzimmodzi mayi wawo akuona, atsekeredwe m'chitete milungu yoyambirira, apatsidwe madeya, madzi oyera ndi chiswe. Ndipo inu amene mumasirira nkhuku zakuda zija za Mikolongwe, zimene boma lakhala likufalitsa kwa zaka zambiri kuchokera ku Mikolongwe m'boma la Chiradzulu, dziwani kuti zimaikira mazira ambiri ndithu, koma zimafunanso chakudya chokwanira. Musanyoze thadzi lachikuda, limene limadzifunira lokha chakudya, limakhalira mazira mokhulupirika, ndipo limateteza ana ake ndi ukali umene ngakhale Ambuye adaufanizira chikondi chawo pa Yerusalemu.

Latsala lamulo limodzi, ndipo ili silidalembedwe ndi khonsolo kapena nyakwawa, koma timalisunga tokha m'nyumba zathu. Ambiri a ife tidakula tikumva kuti mayi woyembekezera asadye mazira, kuopa kuti mwana angabadwe wopanda tsitsi, ndi kuti mwana akazolowera mazira adzakhala wakuba. Ndimalemekeza makolo, ndipo ndikhulupirira kuti pansi pa mwambowo panali nzeru yosunga mazira kuti nkhuku zichuluke. Koma ana obadwa ndi tsitsi lochepa amabadwa ngakhale kwa amayi amene sadalawe dzira, ndipo akuba ambiri amene ndidawamva adayamba kuba chifukwa cha njala, osati chifukwa cha kukhuta. Palinso chizolowezi chakuti nkhuku ikaphedwa, nthutumba, chiwindi ndi ntchafu zipite m'mbale ya bambo ndi mlendo, mwana nkulandira mutu, zipalapasiro ndi msuzi. Inu abambo anzanga, thupi lanu lidatha kukula. La mwanayo ndilo likumangidwa, ndipo zaka ziwiri zoyambirira zikadutsa mosowa, sizibwereranso. Thadzi likaikira mazira khumi ndi awiri, silikhalira bwino onsewo. Lisiyireni asanu ndi atatu, otsalawo alowe m'phala la mwana ndi m'mbale ya mayi woyamwitsa.

Nthawi yathu yatsala pang'ono, tsono ndikusiyirani mafunso oti mukambirane moto usanazime. Pakhomo panu, dzira lomaliza adadya ndani? Nkhuku zanu zidalandira liti dontho la m'diso? Ndipo ngati pali mnansi amene nkhuku zake zikukusowetsani mtendere, monga zidandisowetsera ine, kodi mudzapita kwa eni nyumba kukamunenera, kapena mudzapita kwa iye ndi mtolo wa nsungwi paphewa?

Mawa m'mawa, musanatsegule khola, muwerenge nkhuku zanu; kenaka mutume mwana kapena mupite nokha kwa alangizi a ziweto a m'dera lanu, kaya ndi ku Katowo, ku Mphompha kapena ku Ntchenachena, mukafunse tsiku la katemera, ndipo mukabwerako mukawauze a nyakwawa kuti alengeze mudzi wonse.